Sitima Yobiriwira ya m'Kabati

Panali munthu wina ku Luchenza, dzina lake Makwinja, amene anagwira ntchito ya njanji moyo wake wonse koma sanayendetsepo sitima. Ntchito yake inali yoimirira pa siteshoni ndi mbendera ziwiri, yofiira ndi yobiriwira. Akakweza yobiriwira, sitima inkanyamuka, iye n'kutsala. Zaka makumi atatu anakhala akutsazika masitima. Mwina n'chifukwa chake anayamba kusonkhanitsa masitima azidole, oti sangamusiye.

Yoyamba anaipeza akadali mbeta. Mzungu wina wa ku minda ya tiyi ankabwerera kwawo, ndipo katundu wa m'nyumba mwake anamuyala pabwalo kuti anthu agule. Anzake a Makwinja anathamangira mipando ndi masefuliya. Iye anaona bokosi lili pambali, wina aliyense osalilabadira. Atalitsegula anapezamo mutu wa sitima wamalata, wobiriwira, wokhala ndi zilembo zagolide m'mbali mwake. Munalinso mabogi atatu okokedwa ndi mutuwo, tinjanji tolumikiza n'kukhala mkombero, ndi kiyi. Sitima yotere sifuna malasha kapena magetsi. Umapukusa kiyi monga tinkapukusira wotchi zakale, sipuling'i ya m'kati n'kumangika, ndiye ukaisiya panjanji imathamanga yokha mpaka mphamvu itatha.

Atafika nayo kunyumba anaipukusa, ndipo inazungulira patebulo ikulira ngati nkhululu. Matenda anamugwira pomwepo.

Kuyambira pamenepo munthu uja anasanduka mlenje wa zidole. Akamva kuti wina wabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi sitima ya ana ake, ankadikira ana aja akule, kenako n'kupita kukapempha kuti amugulitse. Analowa m'masitolo akale a ku Limbe, n'kumasuzumira mashelefu apamwamba okhala ndi fumbi. Pa msika wa kaunjika anzake ankafukula majekete, iye akufukula mabokosi a zidole. Anapeza yakuda, yofiira, ina yopanda gudumu limodzi. Anapeza kamlatho, kasiteshoni ka malata kokhala ndi wotchi yojambula, ngakhale kamunthu konyamula mbendera, kamene mkazi wake Esinala ankati kafanana ndi mwini wake kuuma khosi. Pofika nthawi yopuma ntchito, masitima anali atakwana makumi atatu ndi anayi.

Tsiku lina kunabwera mlendo wochokera ku tauni, munthu wophunzira, wosonkhanitsa zinthu zakale. Anayang'ana yobiriwira ija nthawi yaitali, osaikhudza. Kenako anauza Makwinja kuti chidole chakale ulemu wake uli pa utoto umene chinabadwa nawo. Thukuta la m'manja limadya utoto. Kuiyendetsa kumakanda magudumu. Anthu odziwa zinthu izi, iye anatero, saseweretsa, amangosunga.

Mawu amenewo anagwera pa nthaka yachonde. Mawa lake Makwinja anatulutsa mbale zonse za alendo m'kabati ya galasi ya pabalaza, mbale zimene Esinala anasonkhanitsa chikwatiwire, n'kuikamo masitima ake. Anakhoma kabati, kiyi n'kumumangirira pa lamba. Loweruka lililonse ankapukuta galasi mpaka kuwala. Akafuna kusuntha sitima, ankaigwira ndi kampango koyera, ngati wanyamula mkate wa mgonero. Panapita zaka khumi ndi zisanu popanda sitima imodzi kuyenda m'nyumba muja.

Musathamangire kumuseka. Makwinja sanali munthu woumira. Pa maliro ankafika m'mawa ndi khasu lake. Njala ikavuta, chimanga chake chinkadyedwa ndi mudzi wonse. Akanakuvulirani malaya a pathupi mukanapempha. Aliyense wa ife ali ndi pamene dzanja lake limafumbata, ndipo pake panali pa kabati ija.

Munthu ameneyu anali ndi msuweni wake, Dayitoni, mwana wa amalume ake. Anakulira limodzi, anavinidwa limodzi, ntchito ya njanji anailowa chaka chimodzi. Koma Dayitoni ndiye anakwera pamwamba. Anayamba ndi kuponya malasha pamoto, mpaka anadzakhala woyendetsa sitima yotsikira ku Chigwa cha Shire. Akamadutsa pa Luchenza ankatulutsa mutu pawindo n'kukuwa, "Asuweni, mukadaimabe pomwepo? Mizu simunamere?" Makwinja ankayankha, "Pitani, makala inu, madzi osamba akukudikirani!" Chisuweni ndi chomwecho. Mawu amene kwa wina akanafika kubwalo la milandu, kwa iwo anali moni.

Atakalamba, Dayitoni anadwala shuga, ndipo matendawo anamulanda maso. Koma sanasiye kuyenda. Nyumba yake inali m'mbali mwa njanji, mtunda woti munthu wa maso amayenda theka la ola. Lachitatu lililonse ankatenga ndodo yake, n'kumagogoda chitsulo cha njanji mpaka kukafika kwa msuweni wake. Masiku amenewo sitima inkadutsa mwa apo ndi apo, udzu unali utamera pakati pa njanji. Iye ankati palibe vuto, njanjiyo yatsala yake yekha.

Lachitatu lina, akumwa tiyi ndi chinangwa pabalaza, Dayitoni anaika kapu yake pansi. Kenako anati, "Asuweni, ndayamba kuiwala."

"Mwaiwala chiyani? Kusamba munaiwala kalekale."

"Maonekedwe a sitima. Ndikati ndiikumbuke, ndikungoona utsi. Fungo ndikulikumbuka, phokoso ndikulikumbuka, koma thupi lake likundithawa. Ija yobiriwira ija, imene munagula kwa mzungu, inafanana ndi imene ndinayambira ntchito. Tandipatseni ndiigwire. Manja andikumbutse."

Makwinja anayang'ana manja a msuweni wake. Anali manja akuluakulu, okhakhala, ndipo nthawi imeneyo anali onyowa ndi nthunzi ya kapu ndi zinyenyeswa za chinangwa. Anayang'ana zilembo zagolide zija. Mtima wake unakokera uku ndi uku, ndipo mantha anapambana. Anadzuka, anagwira msuweni wake padzanja, anamutsogolera kukabati, n'kusanjika chikhatho chake pagalasi.

"Ili apa," anatero. "Moyang'anizana ndi chala chanuchi. Kutsogolo kuli chumuni, kumbuyo kuli kanyumba ka woyendetsa."

Dayitoni anasisita galasi lija pang'onopang'ono. Anaseka, koma kuseka kwake kunali kopanda chimwemwe.

"Yazizira bwanji sitima yanuyi, asuweni," anatero.

Tiyi sanamumalize. Anatenga ndodo yake, anatsazika Esinala mwaulemu wonse, n'kutuluka. Makwinja anaima pakhomo akumva kugogoda kwa ndodo panjanji mpaka kunazimiririka. Pobwerera m'nyumba anaona chidindo cha chikhatho pagalasi, ndipo, ndikuuzeni zoona, anatenga kansalu n'kuchipukuta.

Esinala anali ataona zonse ali pakhomo la kukhitchini. Anati, "Bambo, mbale zanga munatulutsa, sindinalankhule. Zidzukulu mumazithamangitsa pabalaza pano, sindinalankhule. Koma lero mwagwiritsa galasi munthu wosaona. Mwamuchita ngati mwana wamasiye woima pawindo la sitolo. Ine ndachita manyazi m'malo mwanu."

"Thukuta limadya utoto," anayankha Makwinja.

"Chabwino. Utotowo udzakunyamulani pa maliro anu."

Lachitatu lotsatira Dayitoni sanabwere. Linzake sanabwerenso. Makwinja ankatulutsa mipando iwiri, madzulo n'kubweza umodzi wosakhalidwa. Ankadziuza kuti ndi chiperoni, munthu wokalamba sangayende m'nkhungu yotere. Koma chiperoni chinatha, dzuwa linatuluka, ndodo osamveka. Mumtima ankadziwa. Kupita kukapepesa kunali kosavuta, koma ankadziwanso kuti kupepesa kwa manja opanda kanthu sikungatheke. Akapita, ayenera kupita ndi sitima. Choncho anakhala, n'kumapukuta galasi.

Patapita miyezi itatu, mkazi wa Dayitoni anatumiza uthenga. Anati abale anu agona pansi. Chakudya akukana, kulankhula asiya, akungotembenukira kukhoma. Ngati muli ndi mawu oti muwauze, musadikire Lamulungu.

M'mawa mwake Makwinja anamasula kiyi pa lamba. Anatulutsa yobiriwira ija ndi mabogi ake ndi tinjanji take, anaziika m'bokosi lake lakale, n'kulikulunga m'chitenje cha mkazi wake. Esinala anangomupatsa chipewa.

Anayenda m'njanji, njira imene msuweni wake ankayenda wopanda maso. Anapunthwa kawiri, iye woona.

Anamupeza Dayitoni atagona pa mphasa m'chipinda, atachepa ngati mwana. Makwinja anagwada pambali pake.

"Makala inu," anatero, "mwagona masana ngati mlonda?"

Dayitoni sanatembenuke.

Makwinja anamasula chitenje. Analumikiza tinjanji pa simenti, mkombero wonse, pafupi ndi mutu wa wodwalayo. Anakoleka mabogi. Anafuna kuti msuweni wake ayambe wamva phokoso, kuti phokosolo limupepesere. Analowetsa kiyi, anapukusa, anaika sitima panjanji, n'kuisiya.

Sitima inangoti zii.

Anaikankha pang'ono ndi kampango kake. Magudumu anakwekwereka osazungulira. Anapukusanso, kiyi anakana. Sitima yokongola ija, yopanda ndi kachipsera komwe, inali itafa kalekale, iye akuipukutira galasi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wamkulu uja anakhala pansi n'kuyamba kulira. Analirira sitima, analirira miyezi itatu ija, analiriranso kuti wabwera ndi mphatso yakufa kwa munthu amene akufa.

Pamenepo mphasa inachita phokoso. Dayitoni anali atatembenuka.

"Ndani akupukusa injini ngati akupotokola khosi la nkhuku?" anafunsa ndi mawu otsika. "Bweretsani kuno."

Anatambasula manja onse awiri. Makwinja anayang'ana kampango kali m'dzanja lake. Anakaponya pambali. Ananyamula sitima ija ndi manja ake enieni, koyamba pa zaka khumi ndi zisanu, n'kuiika m'manja mwa msuweni wake.

Dayitoni anaiyendera yonse ndi zala. Chumuni, mimba, kanyumba ka woyendetsa, timikono tolumikiza magudumu. Milomo yake inkagwedera ngati akuwerenga kalata. Anaitembenuza chagada, anaiika pamphuno, n'kununkhiza.

"Sinafe iyi," anatero. "Ili ndi ludzu. Mafuta akale aja auma, asanduka phula, ndiye chinyontho cha chiperoni chawonjezera dzimbiri. Injini yosayenda imadwala kuposa yoyenda, asuweni. Zimenezi amadziwa ndi woponya malasha yemwe. Koma inu mukanadziwira kuti, munthu wa mbendera?"

Anaitana mkazi wake kuti amudzutse, amutsamiritse kukhoma. Anaitanitsa palafini pang'ono m'kachitini, mafuta a makina osokera, ndi nthenga ya nkhuku. Mayi uja anathamanga, misozi ili m'maso, chifukwa anali asanamve mawu a mwamuna wake sabata yathunthu.

Wosaona uja anayamba ntchito. Ankaviika nthenga m'palafini, n'kuilowetsa pakati pa timano ta m'kati, n'kumagwedeza gudumu ndi chala. Palafini anayenderera m'manja mwake. Chala chake chachikulu cha kumanzere chinali chitapanikiza m'mbali mwa sitima, pa zilembo zagolide penipeni, ndipo akagwedeza gudumu chalacho chinkatikita. Makwinja anaona golide akusungunuka. Anaona chilembo choyamba chikuchoka, chachiwiri chikutsatira, utoto wobiriwira ukufewa n'kumamatira pa chala chija. Chinthu chimene anachiteteza theka la moyo wake chinkatha iye akuyang'ana. Mawu anafika pakhosi. Liwu limodzi lokha likanakwanira, chala chija chikanasuntha.

Dayitoni anaimitsa ntchito. Munthu wosaona amamva ndi kupuma komwe.

"Ndikuononga kanthu kodi?"

Makwinja anatenga kachitini ka palafini n'kukasendeza pafupi.

"Ayi," anatero. "Gwiritsitsani, ingakupulumukeni."

Ntchito inatenga nthawi yoti munthu akanaphika nyemba. Kenako gudumu limodzi linazungulira, linzake linatsatira, ndipo mwadzidzidzi sipuling'i inamasuka, magudumu onse n'kupalasa m'malere. Dayitoni anadontheza mafuta, dontho limodzi pano, lina apo. Anapukusa kiyi mofatsa, akuwerenga, n'kulekeza pamene anamva kuti yakhuta. Anapapasa njanji, anakhazika sitima, koma sanaisiye.

"Sindinyamuka popanda mbendera," anatero. "Mukufuna andichotse ntchito?"

Makwinja anayang'ana uku ndi uku. Chitenje cha Esinala chinali ndi masamba obiriwira. Anachinyamula, anaimirira mowongoka monga ankaimira pa siteshoni, n'kuchikweza m'mwamba pamaso pa munthu amene sakanachiona.

"Njira yatseguka," anatero.

Sitima inanyamuka. Inazungulira pa simenti ikulira ngati nkhululu, mabogi akugogoda polumikizira njanji. Dayitoni anapendeketsa mutu. Ikadutsa pafupi ndi bondo lake ankatchula siteshoni. Khonjeni. Sandama. Apa tsikani bwino, pali phiri. Sankhulani. Makhanga, amayi a nsomba akwere msanga. Mphamvu itatha anapukusanso, ulendo n'kubwerera. Anayenda maulendo asanu ndi awiri tsiku limenelo. Atatopa anati, "Ndaiona, asuweni. Yabwerera yonse, ndi nambala yake yomwe." Kenako anatembenukira kwa mkazi wake n'kufunsa ngati m'nyumbamo mulibe phala, kapena anthu agwirizana zomupha ndi njala.

Sindikunamizani kuti anachira. Shuga sachizidwa ndi chidole. Dayitoni anakhala masabata asanu ndi limodzi, n'kumwalira. Koma masabata amenewo anadya, anaseka, anatukwana msuweni wake mokwanira. Makwinja ankabwera m'mawa uliwonse ndi sitima ina m'chitenje. Pa makumi atatu ndi anayi aja, zambiri zinali zitauma chimodzimodzi. Anadzutsa khumi ndi zisanu ndi zinayi. Zina dzimbiri linali litadya sipuling'i, zinali zosatheka. Zotsalazo nthawi inawathera.

Maliro atatha, sitima yobiriwira inabwerera kwa mwini wake. M'mbali mwake, pamene panali zilembo zagolide, panatsala chigamba cha malata oyera, ndipo m'mphepete mwa chigambacho utoto unauma ndi mizere ya chala cha Dayitoni.

Patapita chaka mlendo wa ku tauni uja anabweranso. Anapeza mbale zitabwerera m'kabati, masitima ali patebulo lalitali pakhonde, ana a m'mudzi atazungulira. Ataona yobiriwira ija anagwira pakamwa. Anati mwaiononga, bambo, inali yosowa, tsopano yasanduka chidole wamba. Anawonjeza kuti akudziwa mmisiri wina amene angapake utoto pachigambapo, osaoneka n'komwe.

Makwinja anaitenga, n'kuika chala chake chachikulu m'chidindo chija. Chinali chachikulu kuposa chala chake.

"Apa pokha musakhudzepo," anatero. "Pena paliponse gwirani."

Tsono inu amene mwakhala chete kumvetsera, sindikufunsa ngati muli ndi masitima. Ndikufunsa za kabati yanu. Wina mwatsekeramo luso limene simufuna kuphunzitsa mnzanu. Wina mwatsekeramo mawu abwino amene mukusungira tsiku la maliro, kuti mudzawanene mwini wake asakumva. Wina ndi chikhululuko, chatsopano, chosagwiritsidwapo ntchito. Mukuti mukusunga. Pitani mukapukuse kiyi muone ngati chikuyendabe. Makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo Makwinja anadzazindikira kuti pa chuma chake chonse, chimene anasungadi ndi chigamba chija.

Iye anachita mwayi, uthenga unamupeza msuweni wake akupumabe. Si onse amene amatumiziridwa uthenga. Ngati pali munthu amene munamugwiritsa galasi, ndipo ndodo yake yasiya kumveka pakhomo panu, musadikire Lachitatu. Masulani kiyi pa lamba lero.